Utomoni wa Paini pa Ubweya wa Sajeni

"Choka pamenepo iwe mwana, usanalumidwe kachiwiri! Galuyo wapenga!"

Amene ankakuwa chonchi anali a Shaba, kapitawo wa anthu odula mitengo ya paini ku Luwawa, atagwira mpini wa khasu ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwawo kunali amuna ena atatu, wina ali ndi nkhwangwa. Ine ndinali nditaima kutsogolo kwa nkhokwe yathu, dzanja lamanja likuchucha magazi, lamanzere litafumbata mwala. Pansi pa nkhokweyo, mumdima, galu wanga Sajeni ankalira kulira komwe ndinali ndisanakumvepo, kwinaku akudzigunditsa ku mizati mpaka nkhokwe yonse kugwedezeka.

"Wopenga ndinu!" ndinayankha.

Mwana wa sitandade faifi, kuyankha chonchi munthu amene ngakhale bambo anga ankamuvulira chipewa. Amayi omwe anaima chapatali ndi ana kumsana anangoti "Haa!" Mayi anga anandigwira kolala ya malaya kuti andikoke, ine ndinazembera pansi, malaya n'kung'ambika. Mtima wapachala sindinauyambe ukulu, ndinabadwa nawo. Koma tsiku limenelo kukalipa kwanga kunali kobisa mantha, chifukwa pa anthu onsewo ine ndekha ndi amene ndinkadziwa chomwe chinamuchitikira galuyo, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti sindinena.

Ife kwathu ndi ku Dowa. Bambo anali kalaliki wa zankhalango, ndipo atawasamutsira ku Luwawa tinapatsidwa nyumba kumapeto kwa mzere wa nyumba za antchito, pomwe mitengo ya paini inkayambira. Anzanga onse ankayankhula Chitumbuka, ine ndikungotolatola, ndiye chaka choyamba mnzanga weniweni anali Sajeni, galu wofiira waubweya wambiri m'khosi ndi kumchira, wakuba mazira koma wosaluma munthu.

Tsiku limenelo kunkatentha, mwezi wa Okutobala, nthawi yomwe mitengo yodulidwa kumene imakha utomoni ngati uchi. Ndili kusukulu, Sajeni anapita kumalo komwe anthu anali atangogwetsa mitengo, ndipo kaya ankathamangitsa gologolo kaya ankangofuna pogona, anakagubuduka pazitsa zatsopano. Pobwera anali ngati chinthu china. Utomoni unali utagwira utuchi, masamba ouma a paini ndi timiyala, zonse zitamatirira m'khosi, m'makutu, pamimba mpaka pakati pa zala za kumapazi, moti ankayenda motsimphina. Ndinayesa madzi, osatheka. Ndinayesa kukoka ndi zala, galu n'kulira, zala zanga n'kumatirirana. Pamenepo mtima unakwera, ndipo ndinakumbukira zomwe ndinkaona tsiku lililonse kuseri kwa mpanda wathu.

Kuseri kwa mpandako kunkakhala Sekuru Ngwira, sekuru kutanthauza agogo m'Chitumbuka. Anali wocheka matabwa wakale, wa m'nthawi yomwe munthu mmodzi ankaima pamwamba pa chipika wina ali m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso. Atakalamba anasiya kucheka n'kuyamba kunolera anzake macheka. Mpaka lero ndikamva fungo la thabwa latsopano la paini, m'makutu mwanga mumalira tupa wa mkulu ameneyo, kwii, kwii, kwii, dzino limodzi limodzi kuyambira chifunga chisanachoke pa damu la Luwawa mpaka dzuwa kufika pamutu, iye atakhala pa kachipika, kaliwo ali pakamwa, utsi wa fodya wachingambwe ukukwera pang'onopang'ono kudutsa m'ndevu zake zoyera. Asananole, ankanyowetsa kansanza ndi palafini n'kupukuta machekawo, ndipo utomoni wakuda womwe unali utaumirira pachitsulo unkasungunuka nthawi yomweyo.

Ine ndi mkuluyo sitinkamwerana madzi. Sajeni anali atamudyera mazira kawiri, iye n'kumugenda ndi chidutswa cha thabwa. Pobwezera, ndinaponya mwala padenga lake la malata n'kumukuwira kuti "Zala zitatu!" popeza kudzanja lamanzere macheka anali atamudula zala ziwiri kalekale. Sanandinenere kwa bambo. Anangosiya kundiyankha moni.

Ndiye ndinaba botolo la palafini wa mayi, wa nyali yathu, amene bambo ankachita kukagula ku Boma. Ndinamutengera Sajeni m'mphepete mwa nkhalango kuti anthu asandione, pa masamba ouma a paini ofika m'akakolo, n'kumuthira palafiniyo m'khosi, pamimba ndi m'khwapa, n'kumatikita ndi manja. Poyamba ndinasangalala, chifukwa utomoni wina unayambadi kufewa. Kenaka galu anayamba kunjenjemera. Anadzinyambita, n'kuyetsemula, dovu n'kuyamba kutuluka, kenaka thovu. Anazungulirazungulira akudziluma m'nthiti. Nditamugwira mchira kuti asathawe, anatembenuka n'kundiluma pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo anathamanga kudutsa pakati pa nyumba zonse, thovu lili kukamwa, akugubuduka m'fumbi, ana akubalalika, mpaka kukalowa pansi pa nkhokwe yathu. Ine ndisanafike kunyumba, ndinadzera pampopi n'kudzazitsa botolo lija ndi madzi, n'kulibwezera pamalo pake.

Ndinali ndi zifukwa zokhalira chete. Lamba wa bambo ndinkamudziwa. Koma chachikulu chinali lamulo la moto. Miyezi yotentha ku Luwawa munthu sankaloledwa ngakhale kusuta pafupi ndi mitengo, ndipo tonse tinkadziwa za mabanja omwe anapakira katundu wawo pa lole chifukwa cha mwana woseweretsa machesi. Tsono mwana wa kalaliki weniweni kukathira palafini pa masamba ouma? Bambo anali ku Boma ndi mapepala a ku ofesi, kubwera kwawo kunali mawa lake madzulo. Ndinkaganiza kuti ndikalimbikira kutukwana, anthu atopa n'kubalalika.

"Anyina Lameki, mugwireni mwana wanu," anatero a Shaba kwa mayi. "Ine ndinaonapo mwana akufa ndi chiwewe kwathu ku Mabiri. Anachita kumumangirira pa bedi. Sindifuna kuonanso zimenezo pano."

Mayi atamva zimenezo anayang'ana dzanja langa, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo.

Apa m'pamene ndinamuona Sekuru Ngwira akutuluka pa kachipata kake, nkhwangwa ili paphewa, chisaka chili m'khwapa. Mumtima ndinati basi, mdani wa Sajeni wapeza mpata. Ndinakweza mwala uja.

"Mukangoyandikira ndikuphwanyani mutu!"

Sanafulumire, sanaimenso. Anafika n'kundigwira dzanja lamagazi lija ngati akuona chilonda, n'kulitembenuza uku ndi uku. Kenaka analikweza kufupi ndi mphuno yake. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali ndithu. Atatero anachotsa kaliwo pakamwa, n'kukhuthula fodya woyakayo pansi, n'kumupondaponda ndi chidendene mpaka kuzimiratu.

"A Shaba, ndapota," anatero. "Mundibwerekeko galuyu mpaka mawa."

"Mukamuchite chiyani, adada? Thovu lija simunalione?"

"Ndaliona. Ndikammanga kwanga ndi waya. Belu la ntchito likalira mawa, mubwere. Akakhala adakali chonchi, nkhwangwa yanga ndi iyi, ndimupha ndekha. Ndili naye kale mlandu wa mazira."

Amuna aja anaseka pang'ono. A Shaba sanaseke.

"Akakulumani musadzati sindinanene. Koma mumve bwino, adada, ndi iwenso wamwanowe umve. Ngakhale mawa tim'peze ali phee, galu woluma mwana wa pakhomo pake popanda chifukwa sitisunga pano. Chiwewe chimabisala. Pano pali ana."

"Yewo," anatero Sekuru, ngati kuti amupatsa mphatso.

Anauza mayi kuti atsuke chilonda changa ndi sopo ndi madzi ambiri, atsukenso, atsukenso, ndipo kuti mawa lole ikamapita ku Boma ndikwere ndikaonedwe kuchipatala, zivute zitani. Kenaka mkulu wa zaka zimenezo anagona chafufumimba pafumbi n'kukwawira pansi pa nkhokwe ndi chisaka chija. Tinkangoona zidendene zake zong'aluka. Tinamva Sajeni akuwopseza, tinamva mkuluyo akumuyankhula Chitumbuka chapansipansi ngati akunyengerera mwana wodwala. Patapita nthawi zidendene zinayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo anatuluka akukoka galu wokutidwa mutu ndi chisaka, kukamwa atamumanga kale ndi kansanza.

Kuseri kwa nyumba yake, anthu atabalalika, anamangirira galuyo ku mtengo wa pichesi, kutali ndi khitchini. Anandituma kukatunga madzi, iye n'kuwatenthetsa pang'ono. Sanandifunse kanthu mpaka titamusambitsa Sajeni katatu ndi sopo wochapira, thovu la sopolo likutuluka lachikasu, likununkha nyali. Titapatula ubweya wa pamimba ndinaona khungu lili psuu, m'khwapa litayamba kusupuka.

"Wakuuza ndani kuti umuthire palafini?"

"Palibe palafini."

"Iwe. Mphuno yanga macheka sanaidule."

Mkwiyo unabweranso, popeza kwa ine mkwiyo ndiwo unkabwera msanga kuposa manyazi.

"Ndinaonera inuyo! Si mumapukutira macheka anu tsiku lililonse?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana galu, n'kupukusa mutu.

"Galu wakoyu ngwachitsulo?"

Anatambasula manja ake patsogolo panga, zala zisanu ndi zitatu zokhakhala ngati khungwa.

"Zaka zonse ndakhala ndikugwira utomoni ndi manja awa. Unandionapo ndikusamba palafini? Iwe umasuzumira pampanda kuona macheka basi. Ukanadikira ndimalize ntchito, ukanaona chomwe ndimadzola."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kambale ka mtedza wosenda. Anaukazinga pa phale, n'kuupukusa m'manja kuti makoko achoke, n'kuuthira mu kamtondo kakang'ono.

"Sinja."

"Dzanja likupweteka."

"Uli nalo lina."

Ndinasinja ndi lamanzere, misozi ya ukali ikutsika. Nditaona kuti wasanduka ufa ndinasiya.

"Zimenezo ndi nsinjiro za ndiwo. Sinjabe mpaka alire mafuta."

Ndinasinja mpaka mtedza unasanduka chiponde chonyezimira, chomata kumunsi. Iye anatapa ndi zala zake zitatu zija, zomwe ndinamutukwana nazo, n'kupaka pa chibuma cha utomoni cha m'khosi mwa Sajeni. Anachitikita pang'onopang'ono kuti mafuta alowe mpaka kutsinde kwa ubweya, akusamala kuti asakhudze pomwe panasupuka. Kenaka anangokhala, manja ali pa mawondo.

"Tsono tikudikira chiyani?" ndinafunsa.

"Utomoni ukudya."

Dzuwa linali litapendeka kale. Ndinkaliyang'ana likutsikira kumitengo, ndikuwerenga zibuma zomwe zinatsala: m'khosi zinayi, makutu onse awiri, mimba yonse, mchira, mapazi anayi. Ndinkaona ngati tikamuyeretsa yense dzuwa lisanalowe, a Shaba adzaona galu wabwinobwino n'kuiwala zonse. Mkuluyo analibe changu ngakhale pang'ono. Atakhutira kuti nthawi yakwana, anatenga chipeso chakale chothyoka mano n'kuyamba kupesa kuchokera kunsonga kwa ubweya, pang'ono, kenaka kutsikirako pang'ono, akugwira kutsinde ndi zala kuti khungu lisakokeke. Utomoni womwe unakana madzi ndi zala zanga unayamba kuchoka ngati phala lozizira, pamodzi ndi utuchi wake, n'kumaupukutira pa tsamba la nthochi.

"Waona? Pachoko pachoko, pang'onopang'ono, mbwenu ukuchoka. Gwira."

Anandipatsa chipeso. Chibuma choyamba ndinachita bwino. Chachiwiri chinali kuseri kwa khutu, cholimba ngati mwala, ndipo chitakana kawiri ndinachikoka ndi mphamvu. Sajeni analira kudzera m'kansanza kaja, thupi lonse n'kudumpha. Sekuru anandilanda chipeso n'kundigogoda nacho pamfundo za zala, kamodzi kokha, koma ndinaona nyenyezi.

"Wamuotcha kale. Ukufuna umusendenso?"

"Nthawi yatha!"

"Nthawi ya ndani? Pakanso chiponde. Chikakana kachitatu timadula, sitikoka."

Chinakanadi, ndipo anachidula ndi sizasi yake yometera ndevu, atalowetsa chipeso pakati pa khungu ndi sizasiyo. Pakati pa zala za kumapazi anagwira yekha, akutulutsa timiyala tomwe tinamatirira m'menemo kamodzikamodzi. Galu anali atasiya kulimbana, anangogona chammbali, nthiti zikukwera ndi kutsika msangamsanga. Sekuru anamasula kansanza ka kukamwa. Sajeni anasanza zachikasu, n'kugonanso. Tinamuikira madzi m'chigoba. Anawanunkhiza n'kutembenuzira mutu kumbali.

Aliyense pamzere paja ankadziwa kuti galu wachiwewe amakana madzi.

"Sekuru, bwanji sakumwa?"

Aka kanali koyamba kumutchula Sekuru iye akumva.

"Kukhosi kwapsa. Iwe utamwa palafini ungafune madzi?"

"Ndiye mawa amwa?"

"Nkhumanya yayi," anatero, kutanthauza kuti sakudziwa. Sanali munthu wonamiza mwana kuti agone bwino. "Wanyambita wambiri. Angadzuke, angafe. Zimenezo si za ine kapena iwe. Koma akadzuka, a Shaba abwera ndi funso lawo lija. Galu waluma mwana chifukwa chiyani?"

"Muwauze kuti ndi utomoni umamuyabwa."

"Agalu onse pano amagona pa utomoni. Unaonapo wotuluka thovu?"

"Ndiye muwauze inuyo za palafini. Munene kuti anagubuduza botolo yekha."

Anatenga tsamba la nthochi lija n'kulipinda bwinobwino.

"Ine sindinaone kanthu. Ndangonunkhiza. Bodza sindinena, ndipo mlandu wa mwana wa eni sindiunyamula kupita nawo kwa kapitawo. Ndikakhala chete mawa, nkhwangwa ndiigwira ndine, popeza ndinalonjeza. Pakamwa pomwe pangamupulumutse galuyu ndi pomwe paja panatukwana a Shaba."

"Bambo awachotsa ntchito!"

"Kapena. Kapena ayi. A Shaba ndi aukali koma si chitsiru. Pita kwanu, amama ako akulira. Miyendo yakumbuyo timaliza mawa, ngati kuli mawa."

Ndinamutukwana chamumtima njira yonse, ngakhale njirayo inali mapazi makumi awiri okha.

Kunyumba mayi anali atayamba kuyatsa nyali. Anathira za m'botolo lija, n'kuyatsa chingwe, nyali n'kuthetheka, n'kuzima. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Anthu a ku Boma awa," anatero, "ayamba kuthira madzi m'palafini. Tidya kukadali kowala."

Ndinayang'ana pansi. Tikudya, anandipatsa kapu ya madzi. Ndinamwa. Patangopita kanthawi anandipatsanso ina, akundiyang'anitsitsa kukhosi. Kapu yachitatu m'pamene ndinazindikira chomwe ankachita: ankandiyesa ngati ndayamba kuopa madzi.

"Mutu sukukupweteka, Lameki? Kuwala sikukukusowetsa mtendere?"

"Ndili bwino, mayi! Mundisiye!"

Sanandikalipire chifukwa cha mwanowo, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa lamba. Ndinagona ndikumvetsera ngati kuseri kwa mpanda kukumveka waya kugwedera.

Lero ndili ndi kagolosale kanga ka zipangizo za njinga pa Boma, imvi zayamba, ndipo sindinganame kuti tsiku limenelo linandisintha. Ndimakalipirabe anthu a kabaza akamagwiragwira katundu osagula, mkazi wanga amati ndidzafa ndikukangana ndi wondikumbira manda. Sekuru Ngwira anamwalira ndili fomu thuu, ndili kusukulu yogonera komweko, ndipo za dzina lachipongwe lija sindinamupepese. Ndinkati ndidzapepesa ndikadzakula. Chomwe chinanditsalira n'chaching'ono. Nati ikakana kumasuka pa njinga ya munthu, mkono wanga umafuna hamala, koma mfundo za zala zimayamba kuyabwa, ndiye ndimathira mafuta n'kukhala pansi. Pa anthu ndimalepherabe kutero.

M'mawa wotsatira tsiku lija ndinadzuka chifunga chili tolo, mitengo ya paini ikudontha mame. Ndinasuzumira pampanda. Sajeni anali moyo. Anali atagona mutu uli pa mapazi, ubweya uli nyankhalala ndi mafuta a mtedza, m'khosi muli zigamba pomwe tinadula. Atandiona anagwedeza nsonga ya mchira kamodzi. Madzi m'chigoba anali atatsikako pang'ono, kapena maso anga ndi amene ankafuna kuti atsike. Sekuru anali atakhala kale pa kachipika kake akunola macheka, nkhwangwa itatsamira khoma pambali pake. Sanandiyang'ane.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga botolo lija. Mayi ankasesa pakhomo.

"Ukupita nalo kuti limenelo?"

"Tiyeni mukamve konko. Sindinena kawiri."

Anasiya tsache n'kunditsatira. Amuna anali atasonkhana kale pa bwalo la ofesi, macheka ndi nkhwangwa zili pamapewa, akudikira belu. A Shaba anali pakati pawo ndi mpini wawo uja. Miyendo yanga inkafuna kubwerera, ndiye ndinachita chomwe ndinkachidziwa: ndinadzikwiyitsa. Ndinayenda molunjika n'kuwatulira botololo pamapazi ngati ndikuwaponyera.

"Galu wanga alibe chiwewe! Ndinamuthira palafini ndine kuti utomoni uchoke, n'kumuotcha khungu. Anandiluma chifukwa ndinamukoka mchira akupsa. M'botolomo ndinathiramo madzi kuti mayi asadziwe. Bambo sakudziwa kanthu."

A Shaba anatola botolo, n'kuliyang'anitsa kudzuwa. Madzi anali pansi, kapalafini kotsala kakuyandama pamwamba.

"Unamuthirira kuti?"

Funso lomwe ndinkaliopa linali limenelo.

"Kumitengo. Kuseri kwa nyumba yathu."

"Pa masamba ouma."

"Eya."

Mitsempha ya m'khosi mwawo inatupa. Wina mwa amuna aja anaimba mluzu. Ndinamva mayi kumbuyo kwanga akupuma mwamphamvu, ndipo ndisanatembenuke khofi linali litagwa kale pakhutu langa, lamphamvu moti ndinadzandira. Dzanja lomwelo linandikoka n'kundipanikiza pachifuwa pawo, akulira, akunditukwana, akuthokoza Mulungu, zonse pakamodzi.

"Ukatenge khasu," anatero a Shaba. "Ukapale masamba onse pomwe unathirapo, ukawakwirire m'dothi, ndidzabwera kudzanunkhiza ndekha. Za ofesi ndikambirana ndi abambo ako, iwe sizikukukhudza. Kuchipatala upitabe, lole inyamuka teni koloko. Galuyo akhale pa waya kwa a Ngwira masiku khumi, anthu oona za ziweto adzamuone. Akangosintha, ndamupha."

"Sasintha."

"Ndati akasintha! Ndipo ukadzanditchulanso wopenga, ndidzayamba ndi iwe."

Anapereka mpini uja kwa munthu wina kuti akaikemo khasu lake, belu n'kulira, amuna n'kuyamba kulowera kumitengo.

Ndinapala masamba aja ndi dzanja limodzi, n'kuwakwirira. Nditamaliza ndinadutsa pa kachipata ka Sekuru, khutu likulirabe. Ndinaima pafupi naye kudikira kuti andifunse momwe zayendera, mwina andiyamikire. Anamaliza dzino lomwe ankanola, n'kuuzira utuchi wachitsulo, n'kuloza ndi chibwano kamtondo komwe munatsala chiponde cha dzulo.

"Lole isanabwere," anatero, "mwendo wakumanzere."

Ndinakhala pansi pafumbi, n'kunyamula mwendo wa Sajeni kuuika pa ntchafu yanga, n'kuyamba kupaka.